Makaniko wa ku Songani m'gulu la masitiroberi

Panali bambo wina wa ku Mtiya, a Justus, wogulitsa masitiroberi ochokera kuphiri la Zomba. Nkhaniyi ndi yoona, ndaimva kwa mayi wina amene anali m'gulumo.

Atagula foni yatsopano, anapita kwa a Winston, okonza mafoni mumsika, kuti awatsegulire gulu la WhatsApp la makasitomala. Ankafuna kuti zipatso zikapsa azingolemba kamodzi, onse n'kudziwa pompopompo.

"Achimwene, sankhani anthu mmodzimmodzi," anatero a Winston. "M'gulu aliyense amaona zolemba mnzake."

"Aaa, inu lowetsani onse a m'fonimo, ndikuchedwa."

Analowadi onse: a kuyunivesite, a m'maofesi, a kutchalitchi, akazi awo mayi Perpetua, komanso nambala ina imene a Justus anaisunga kuti "Makaniko Songani". Chonsecho bambowa alibe galimoto, olo njinga.

Gulu linayenda bwino kwabasi. Akatumiza chithunzi ali kuphiri, zipatso zinkatha asanatsike n'komwe.

Loweruka lina anadzijambula atasenza dengu, n'kutumiza. Makaniko uja anayankha msangamsanga: "Koma ndiye mwatchena adadi. Anga aja musaiwale."

Chimene a Justus sankadziwa n'chakuti dzina loti Makaniko linkaoneka m'foni mwawo mokha. Kwa ena onse kunkaoneka dzina limene mwiniwakeyo anadzipatsa: "Mrs Justus", pambali pali kamtima kofiira.

Mayi Perpetua analemba: "Pepani a Mrs, ndiye ine ndine ndani?"

Mayi wina wa Mvano anati, "Abale, ifetu tinabwerera zipatso." Koma sanatuluke m'gulumo. Palibe anatuluka ndi mmodzi yemwe.

Nthawi yonseyi a Justus akutsika phiri, manja ali padengu, foni ikungonjenjemera m'thumba. Iwo mluzu ali pakamwa, akuti lero maoda achuluka.

Kunyumba anapeza ankhoswe atakhala kale pakhonde. A Justus anagwada, anapepesa, za chibwenzi cha ku Songani zinathera pomwepo. Mayi anakhululuka, koma anatambasula dzanja: "Foniyo bweretsani kuno."

Lero banja lili bwinobwino, malonda ndiye osanena, poti Zomba yense anapempha kulowa m'gululo. Maoda amalandira ndi mayi. Bambo ntchito yawo ndi kusenza madengu.

Phunziro: Mukamatsegula gulu, mverani odziwa ndipo sankhani anthu mmodzimmodzi. Dzina labodza limene mwasungira munthu limanamiza foni yanu yokha. Tumizirani anzanu, makamaka azibambo amene ali ndi makaniko koma galimoto alibe.