Mlendo wa pa Benchi ya Kumbuyo

Madamu analemba zilembo zinayi pa bolodi, anti, n'kujambula mzere kunsi kwake mwamphamvu mpaka choko chinathyoka. Pa benchi ya kumbuyo, pakati pa anyamata aataliatali okonda kusinza, panakhala bambo wa jekete labulauni, cholembera chili m'manja. Anali wamng'ono ndithu, koma masiku ano mabwana ndi ana.

Dzulo lake mwini sukulu anawaimitsa pakhonde. "Mawa kubwera munthu kudzaonerera phunziro lanu. Mukonzekere bwino." Sananene zambiri, ndipo Madamu sanafunike kuuzidwa kawiri. Kuyambira kalekale ankaphunzitsa Chingelezi pasukuluyi ngati waganyu, wopanda kalata ya ntchito. Akafunsa, yankho linali lomwelomwelo: dikirani, kudzabwera woyesa aphunzitsi, akadzakhutira tidzakulembani. Anadikira mpaka imvi zinayamba kusuzumira. Ana ena omwe anawaphunzitsa poyamba tsopano ali pabanja, akubereka. Koma woyesa uja si uyu wafika? Lero ndi lero.

"Kachidutswa aka kakakhala kutsogolo kwa liwu," anatero Madamu, "dziwani kuti pali kutsutsana, kapena kulimbana ndi chinachake."

Mtsikana wina wapakamwa anakweza mkono. "Madamu, kodi n'chifukwa chake anti anga amatsutsa chilichonse kunyumba?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Likanakhala tsiku lina mtsikanayo akanakasesa bwalo. Lero Madamu anaseka nawo, diso lili kumbuyo. Mlendo nayenso ankaseka, ndipo analemba kanthu. Mtima wa Madamu unatsika pang'ono.

Kenako anatulutsa m'chikwama wotchi yapakhoma. Anachita kukabwereka kwa alamu awo, omwe anaipereka mokhumata, n'kuwonjeza kuti ikasweka asadzapondenso pakhomo pawo. Madamu anaikweza m'mwamba, n'kuyamba kuzunguza mivi yake chobwerera m'mbuyo.

"Mivi ikuyenda bwanji?"

"Motsutsana ndi wotchi, Madamu!"

"Ndiye anticlockwise ameneyo. Nenani nonse."

Ananena, mpaka mawindo kulira. Madamu anatulutsanso kabotolo ka mankhwala otsukira mabala, n'kukadutsitsa benchi ndi benchi kuti aliyense anunkhize antiseptic, mdani wa tizilombo ta pachilonda. Antibiotic anamufotokoza ndi mapiritsi aja adokotala amati umalize onse ngakhale wachira. Pa antidote anasanduka munthu wolumidwa ndi njoka, n'kumatsimphina kutsogolo konse kufunafuna mankhwala opha ululu, mayi wamkulu ndithu, thukuta lili kamukamu. Atafika pa antisocial sanavutike n'komwe: ana okha analoza mnzawo wa pakona yemwe amadya yekha atabisa nkhope m'desiki.

Mumtima Madamu ankatukwana. Aphunzitsi anzawo, eni makalata, amangodzaza bolodi ndi notsi n'kukhala pampando kumaseweretsa foni, mwezi ukatha n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Koma Madamu, omwe amadziwa kusandutsa wotchi yobwereka kukhala phunziro, ndiwo ankayenera kuvina pamaso pa mwana wa dzulodzuloli kuti aoneke ngati munthu. Zinkawawa. Komabe anavina, poti kalata yomwe ankaifunayo inali m'manja mwa mwanayo.

Belu litalira ana anathamangira panja. Mlendo anabwera kutsogolo, napereka moni wa manja awiri.

"Mayi, phunziro lotere sindinalionepo. Za wotchizi munazitenga m'buku?"

"Ayi, bambo. Ndi mutu wangawu."

"Nanga silabasi mwafika nayo pati?"

Anamuonetsa. Iye anafunsanso za ana ovuta, za ana anzeru, za mmene amawakhazikira chete masana dzuwa likatentha. Madamu anaona kuti uyu ndi woyesa weniweni, wosasiya kanthu, ndipo anamukhuthulira zonse. Anamuuza za mtsikana wosaona patali yemwe amachita manyazi kunena, za mnyamata yemwe ukamukalipira pagulu sabwera sabata yonse, za mapasa omwe amalemberana mayeso. Anaululanso kanjira kawo kophunzitsira mawu ovuta ndi nyimbo, komwe anakana kuuza ngakhale mnzawo wa kalasi yoyandikana nayo. Cholembera cha mlendo chinkangothamanga.

"Kunena zoona mwandithandiza kwambiri," anatero iye potseka kope lake.

Anthu ophunzira amalankhula choncho, anaganiza Madamu, ulemu basi. M'maganizo anali atafika kale kunyumba. Ankadziona akubweza wotchi kwa alamu awo mosagwada, ndiponso akuuza apongozi awo, omwe amakonda kufunsa pagulu ngati ganyu ija ikadalipo, kuti ganyu inatha. Misozi inafuna kutuluka, koma anaibweza.

Chitseko chinatseguka, mwini sukulu n'kulowa akupukuta magalasi. Madamu anaimirira bwinobwino, n'kusasa fumbi la choko pa siketi. Abwanawo sanawayang'ane. Anapita kwa mlendo, namugwira paphewa.

"Bwanji, wakhutira?"

"Kwambiri, achimwene. Tsopano mantha andithera."

Apo m'pamene mwini sukulu anatembenuka.

"Madamu, uyu ndi mng'ono wanga. Wangomaliza kumene koleji, sanaimepo kutsogolo kwa ana, ndiye ndinati aone kaye mmene mumachitira. Kalasi ino ndi yake kuyambira Lolemba. Inu mwatithandiza mokwanira, makiyi a kabati mumusiyire musanapite."