Mazinga a Bawuti Yotentha

Madzi obiriwira ankadontha pa bawuti yolumikizira paipi ku injini ya galimoto.

"Alamu, dikirani izizire kaye," anatero makaniko. "Mukaimanga ili yotentha chonchi, mazinga atha."

Mwini galimotoyo anali atachedwa kale kukatenga mkazi wake, mlongo wa makanikoyo, kuchipatala. Anamulanda makanikoyo sipanala. Makaniko atamugwira mkono, analandira chibakera chapakamwa n'kugwera pa matayala akutha.

Mlamuyo anakoka sipanala ndi manja awiri. Bawuti inalira, kenako inangozungulira mopepuka.

Madzi owira anafwamphuka n'kumuthira kumaso. Anagwada akukuwa, khungu la patsaya likusupuka.

Makaniko analavula dzino, n'kunyamula ndowa ya madzi ozizira.

"Chotsani manja kumasoko, alamu. Ndikufuna mlongo wanga akakuzindikireni."