Gulu la Madamu Beatriz

Panali mtsikana wina wa Fomu 4 kufupi ndi Muloza ku Mulanje, dzina lake Eufemia. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Mtsikanayu ankaikonda sayansi koopsa, koma pasukulu pawo panalibe labotale. Maikolosikopu ankangoiona pachithunzi cha m'buku.

Mphunzitsi wawo, a Morris, analemba pabolodi masamba anayi a pa intaneti pomwe ana akanatha kuonera mavidiyo a sayansi ndi kuyeserera mafunso kwaulere.

"Awa ndawayesa ndekha," anatero. "Mukapeza ena, mundionetse kaye musanalowe."

Eufemia anali ndi foni yomwe anamusiyira mchemwali wake. Tsiku lina akufufuza za kayendedwe ka magazi m'thupi, anapeza linki yolowera gulu la pa WhatsApp lotchedwa Asayansi a Mawa. Analowa osauza munthu.

Mwini gululo, Madamu Beatriz, ankatumiza manotsi omveka bwino, mavidiyo, komanso mawu ojambula, ofatsa ngati a mayi wobereka. Munalinso ana ena khumi: Sharon, Vincent, Claudia ndi anzawo, onse ochezeka. Eufemia anayamba kukhoza kuposa kalasi yonse.

"Manotsi awa wawatenga kuti?" anafunsa a Morris.

"Kwa msuweni wanga wa ku Blantyre," ananama Eufemia. Sankafuna kuti anzake alowe nawo, angamupose.

Patatha miyezi iwiri, Madamu anamutumizira mawu payekha. "Mwana wanga, Loweruka lino tikukumana ku labotale yathu kutsidya, cha ku Milange. Udzagwira maikolosikopu ndi manja ako. Malo ndi ochepa, usauze aphunzitsi kapena anzako. Usadzere pachipata cha malire, ndikutumizira wakabaza."

Eufemia anakayikira pang'ono. Koma Sharon analemba kuti, "Ine ndinapitako mwezi watha, n'kwabwino zedi. Tikakumana konko."

Loweruka m'mawa, mayi ake akupita kukathyola tiyi, Eufemia anawauza kuti akukawerenga kusukulu. Wakabaza anamupeza pamalo omwe anagwirizana. Eufemia anakwera. Anaoloka mtsinje pamalo osaya, nayenda ola lathunthu m'minda ya nandolo, mpaka pa nyumba ina ya njerwa yomwe mawindo ake anakhomamo malata. Dzuwa linali paliwombo, koma panalibe mwana, nkhuku kapena utsi.

Anatsegula chitseko ndi bambo wamtali wovala malaya oyera. "Lowa, menina," anatero, kutanthauza mtsikana m'Chipwitikizi. " Madamu akubwera."

M'chipindamo munali benchi imodzi basi. Pakona panaunjikidwa zikwama zasukulu zisanu ndi nsapato za atsikana, zonse zili fumbi lokhalokha.

"Zikwamazi n'za ndani, bambo?"

"Za anzako."

"Nanga eni ake ali kuti?"

Bamboyo anangomwetulira, n'kulowa kuseri kwa katani.

Eufemia anatulutsa foni nalemba m'gulu muja: "Ndafika, muli kuti anzanga?"

Nthawi yomweyo kuseri kwa katani kunalira mafoni ambiri pakamodzi. Anasuzumira pampata. Patebulo panandandalikidwa mafoni khumi ndi imodzi, iliyonse atamatapo kapepala ka dzina. Bamboyo anatola imodzi, n'kudinadina. Foni ya Eufemia inanjenjemera m'manja: Sharon. "Tili m'njira, dikira." Anatola ina: Vincent. "Usaope." Kenako anatola yachitatu, nanong'onezamo ndi mawu ake achimuna. Uthenga utafika, Eufemia anauika kukhutu. Anali mawu ofatsa aja a Madamu Beatriz: "Khala pomwepo, mwana wanga. Galimoto ikubwera kudzakutenga."

Apa m'pamene Eufemia anazindikira. M'gulu lonse lija, munthu weniweni anali iye yekha.

"Bambo," anaitana, "ndikufuna kuchimbudzi."

Bamboyo anatuluka, namuyang'ana nthawi yaitali. "Foni usiye pano."

Anamupatsa. Chimbudzi chinali kuseri, cha mpanda wa udzu. Eufemia anaboola udzuwo, nakwawa, kenako n'kuliyatsa liwiro m'munda mwa nandolo, nsapato imodzi n'kutsala. Panjira anakumana ndi amayi ageni osenza madengu a tomato opita ku Muloza. Atawafotokozera, wamkulu wawo, mayi Esteri, anagwira pakamwa.

"Nyumba ya malata m'mawindo ija? Mwana iwe! Mmene muja atsikana timangowaona polowa."

Anamufunditsa chitenje, namusenzetsa dengu, n'kumuika pakati pawo. Posakhalitsa wakabaza uja anawadutsa pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Sanamuzindikire.

Kunyumba anaulula zonse akulira. Mayi ake ndi a Morris anapita naye kupolisi. Koma mmene anthu ankafika panyumba ija, anapeza tebulo lokha. Zikwama, nsapato, mafoni, zonse kulibe. Eni zikwamazo sakudziwika mpaka lero.

Patatha milungu itatu, mtsikana wa sukulu ina, Rosie, anamuimitsa Eufemia pamsika akusangalala.

"Iwe ndiwe Eufemia eti? Ndakudziwira chithunzi. Zikomo pondilimbitsa mtima, mawa ndikupita."

Anamuonetsa foni. Linali gulu latsopano, la dzina lina. Nambala inali ya Eufemia, chithunzi chinali chake, ndipo uthenga unalembedwa m'mawa womwewo: "Atsikana musaope. Ine ndinapitako, n'kwabwino zedi."

Eufemia anamugwira Rosie dzanja mwamphamvu, osamusiya mpaka pakhomo pa makolo ake.

Phunziro: Pa intaneti pali maphunziro abwino a sayansi, ambiri aulere, koma mwana alowe pomwe aphunzitsi kapena makolo aona ndi maso awo. Munthu amene akukupatsa manotsi n'kumati usauze aliyense, sakufuna kuti ukhoze, akufuna iweyo. Tumizani uthengawu kwa makolo, aphunzitsi ndi mwana aliyense wokhala ndi foni. Gulu lija silinatsekedwe, langosintha dzina.