Mano a Phula

Mmisiri wa mano atangowaika m'kamwa mano oyikirira, achemwali ake anatseka pakamwa n'kukana kuwachotsa.

"Bwezani, achemwali," anatero mmisiriyo, dzanja atatambasula. "Awa ndi ongoyesera, nkhama zake ndi phula. Enieni atha Lachisanu."

"Mlandu ndi lero, iwe."

Mmisiriyo ankadziwa. Pakangotha ola limodzi, mlamu wake, mwamuna wa achemwaliwo, yemwe anawagulula mano anayi akutsogolo ndi chibakera, akaima kwa woweruza kulanda ana. Ulendo watha achemwaliwo ankayankhula dzanja lili pakamwa, woweruza n'kumangoti, "Sindikumva, mayi."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo phula likafunda silichedwa kufewa.

"Ndibwerekeni mphindi zisanu zokha. Ndibweza, ndikulumbira," anatero mmisiriyo.

Anawalavulira m'dzanja mwake. Iye anapinda kawaya, n'kukatenthetsa pamoto, n'kukamiza m'phulamo kuti manowo alimbe. Kenako anaviika manowo m'madzi a m'firiji n'kuwaveka.

"Musalume. Musamwe chotentha. Akayamba kugwedera, kanikizani ndi lilime."

"Nanga akagwa ndili pakati poyankhula?"

Mmisiriyo anawatsegulira chitseko.

"Musawatole, achemwali. Muzingoyankhulabe."