Dontho Lokana Kulowa

Qiu Lanying anagwetsera dontho la madzi pa kapaipi ka dothi lootcha, n'kudikira kuti lilowe. Silinalowe. Linangokhala pamwamba, lobulungira ngati mkanda.

Timapaipi tosefera madzi akumwati anali atatipaka mankhwala atsopano oti matope asamakanirire. Koma mankhwalawo ankakana ndi madzi omwe. Ndipo timapaipi zikwi zitatu tinali kale m'malole panja pa fakitale, ulendo wa kutauni yomwe zitsime zake zinaipa ndi madzi osefukira.

Anaitana a Dou, bwana wake wokalamba yemwe anapanga mankhwalawo. "Aphunzitsi, tabwerani muone."

A Dou anawerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Wakagwira ndi zala zamafuta. Iwe ndi zokazinga zako zija."

"Ndavala magolovesi, Aphunzitsi. Ndipo aka ndi kachisanu."

Panja dalaivala analiza hutala kawiri.

"Pampu ikakankha mwamphamvu, mwina madzi adutsa," anatero a Dou motsitsa mawu, osamuyang'ana.

"Nanga akapanda kudutsa, anthu aja akamwa chiyani?"

A Dou anapukuta dontholo ndi chala, n'kuvula magalasi.

"Pita ukatseke geti malole asatuluke, mwanawe," anatero. "Kwa a meya a tauni ija ndiimba ndekha."