Ukwati Wothawira Usilikali

Panali munthu wina ku Poitou, m'dziko la France, dzina lake Firmin, wosema nsapato zamitengo. Akuti izi zinachitikadi. Inali nthawi ija anthu atadula kale mutu wa mfumu yawo, n'kudzipezera wolamulira wina amene nkhondo zake sizinkatha. Chaka ndi chaka anyamata ankatengedwa kupita ku usilikali, obwerera n'kukhala owerengeka. Okwatira okha ndiwo ankasiyidwa.

Firmin anali ndi bwenzi lake, Toinon, koma bambo a mtsikanayo anakana za ukwati. "Upite kaye kunkhondo. Ukabwera ndi miyendo yonse tidzakambirana."

Tsiku la msika Firmin anadandaulira mlendo wina wogulitsa singano.

"Ndiwe wogona iwe," anatero mlendoyo. "Anzako kumtundaku akukwatira nkhalamba. Peza gogo wamasiye wotsokomola, mupite kwa a meya. Chisanu chimodzi chokha, wapita. Akakakamira moyo, ukathetsa ukwatiwo. Malamulo atsopano amalola. Nanga mfumu ija tinaiphera chiyani?"

Mayi ake a Firmin anamuletsa. "Mwananga, munthu woti ndi dzina lomwe sukumudziwa akusankhire mkazi?" Iye sanamve. Toinon analira, koma analonjeza kudikira.

Firmin anapeza mayi Radegonde, wamasiye wopanda mwana, woyendera ndodo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsamwa. "Ndavomera. Denga langa likudontha, ndipo mwamuna woyamba uja anali woipa nkhope kuposa iwe."

Ukwati unachitika. Olemba asilikali atabwera anamudumpha Firmin. Anzake anapita, iye anatsala akusema nsapato, azimayi akumukuwiza pachitsime: "Firmin, thamanga, mkwatibwi wagwetsa ndodo!"

Chisanu chinabwera n'kudutsa. Mayi Radegonde anayamba kunenepa, poti tsopano ankamwa msuzi wa kabichi wotentha. Kenako nkhondo inatha, wolamulira uja anagwa, mng'ono wake wa mfumu yophedwa ija n'kukhala pampando. Firmin anapita kwa a meya kukathetsa ukwati.

"Wachedwa, mnyamata," anatero a meya. "Ufumu wabwerera, lamulo lija lafufutidwa. Amene unatengayo ndi wako mpaka kumanda."

"Nanga ine nditani?"

"Kawagulire mpango. Akazi amakonda mphatso."

Apa ndi pamene Firmin anachimwa. Chisanu chotsatira chitafika, anakhoma kanyumba ka nkhuni, kiyi n'kuika m'thumba. Anauza mayi Radegonde kuti nkhuni zatha. Anachotsa sanza imene inkatseka mng'alu wa pazenera. Iye ankagona kumene ankasemera, akuwotha tizidutswa ta mitengo. Sanawamenye, sanawatukwane. Ankangodziuza kuti wopha ndi chisanu, osati iye.

Nthawi yonseyi Toinon ankakana amuna, ngakhale Aubin, msilikali wofatsa amene anabwera kunkhondo alibe zala za dzanja limodzi. M'mawa wina mtsikanayo anabwera kudzatenga nsapato za bambo ake. Atamusowa Firmin kosemera, analowa m'nyumba. Anapeza mayi Radegonde ali pabedi atavala zovala zawo zonse, milomo itada, madzi a mumtsuko ataundana.

Firmin pobwera anapeza loko wa kanyumba ka nkhuni atathyoledwa ndi nkhwangwa, moto ukuyaka m'nyumba.

"Nkhuni zadzaza mpaka kudenga, Firmin," anatero Toinon.

"Ndikuchitira ife, Toinon. Watopa kudikira. Inenso ndatopa."

"Ine ndimadikira Mulungu. Sindimadziwa kuti iwe ukumuthandiza ntchito."

"Tamvera kaye..."

"Inenso ndidzakalamba. Mano adzagwa, ndidzayamba kutsokomola. Kiyi ameneyo udzamusunga m'thumba lomwelo?"

Mayi Radegonde anayankhula ali chigonere. "Musiye, mwanawe. M'mawa uliwonse amandisuzumira ngati buledi ali mu uvuni, kuona ngati ndapsa. Ndinazolowera."

Toinon anawafunditsa shawelo yake, n'kutuluka osatenga ndi nsapato zomwe. Pasaka itadutsa anakwatiwa ndi Aubin.

Kuyambira tsiku la moto lija Firmin sanakhomenso kanyumba ka nkhuni. Ankaphika msuzi, kuwamwetsa mayi Radegonde ndi supuni, kuwachapira zofunda. Koma chifuwa chinali chitalowerera. Anamwalira kunja kukutentha, maluwa a ukwati wa Toinon asanachotsedwe pakhomo la tchalitchi.

Asanatsirizike anamukodola Firmin. "Ndachedwa pang'ono, eti bambo? Pepani. Mukanangondisiya ndi moto wanga, sindikanakhalitsa. Mtsikana uja akanakhala wanu."

Firmin sanakwatirenso. Anakalambira m'mudzi momwemo. Ana a Toinon akakula phazi, Aubin ankabwera nawo kudzayezetsa nsapato, poti wosema wina kunalibe. Firmin ankagwada, kuyeza kaphazi ka mwanayo, n'kufunsa kuti, "Amayi ali bwanji kunyumba?" Ndipo mwana ankayankha kuti, "Ali bwino, akuti musatithinitse."

Phunziro: Abale anga, musamange moyo wanu pa imfa ya munthu wina, ndipo musatenge nzeru za ukwati kwa mlendo amene mawa adzakhala ali kumsika wina. Amene mukufuna kukwatirayo akuona mmene mumachitira ndi munthu wopanda mphamvu, ndipo kulapa kochedwa sikubweza munthu. Musaisunge nokha nkhaniyi. Ipatsireni ena, makamaka anyamata amene akufuna njira yachidule.