Tsitsi Lolukidwa Mbali Imodzi

"Zimitsani chowumitsira tsitsicho!" anakuwa mayi woluka, foni ataipanira paphewa, zala zikadali m'tsitsi la kasitomala.

Saluni yonse inatchera khutu. Aliyense ankadziwa za mwana wake wamkazi, amene milomo ndi zikope zimamutupa akangodya, osadziwika kuti chikumuwenga n'chiyani. Ankadziwanso kuti kulikonse kumene mayiyu anaimba kufuna dokotala wa ziwengo ankamuyankha kuti inshuwalansi yakeyo salandira.

Anakweza mawu a foni kuti onse amve. "Pepani mayi, tabwerezani."

"Ndati timalandira," anatero mlembi wa kuchipatalako. "Ndipo wodwala wina wasintha tsiku lake. Mukabwera naye masana ano, adokotala amuyeza lero lomwe."

Chipeso chinagwera pansi. Mayi woluka analumpha ngati kamtsikana, n'kukumbatira mnzake wometa, yemwe anachita kukweza lumo m'mwamba kuti asamucheke.

Kenako mayi wolukayo anayang'ana pagalasi, chimwemwe n'kutha. Mutu wa kasitomala unali wolukidwa mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Ndipo kasitomalayo anali atanena kale kuti mawa akukwatitsa mwana.

Koma kasitomalayo anadzichotsa yekha thaulo m'khosi, n'kutulutsa makiyi a galimoto m'chikwama.

"Sukulu ya mwana wanuyo ili kuti? Tiyeni tikamutenge."

"Amayi, ndi mutu umenewu?"

"Iii, mwanawe, adokotalawo akufuna kuona milomo ya mwana, osati mutu wanga. Tatola chipesocho, ukandimalizira pamzere kuchipatala konko!"